Kachizindikiro Kosaoneka, Tsamba Lochedwa Kutseguka ndi Zaulere za pa Intaneti: Momwe Mungakonzere Webusaiti Yanu

Bambo wina wa ku Rosettenville, amene amanyamula katundu wa anthu pa lole kuchokera kuno ku Joni kupita ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, anabwera kwa ine ndi dandaulo limodzi lokha. Kachithunzi ka lole yake, kamene mphwake anamuikira pa webusaiti, sikankaoneka pamwamba pa browser, ndipo m'malo mwake pankangooneka kadziko kotuwa kamene Chrome imaika pa tsamba lililonse lopanda chizindikiro. Titatsegula webusaitiyo pa kompyuta tinapeza kuti kachithunziko kanali vuto laling'ono kwambiri pa onse amene analipo, chifukwa tsamba loyamba linali lolemera ngati vidiyo, ndipo lisanamalize n'kutseguka komwe linali litalankhula kale ndi makampani angapo akunja amene bambowo anali asanawamvepo. Malangizo otsatirawa akutsata ndondomeko imene tinatsata tsiku limenelo, ndipo angathandize aliyense amene ali ndi webusaiti ya bizinesi, ya mpingo kapena ya bungwe lothandizana pa maliro.

Choyamba: tsegulani malo oonera zonse zimene tsamba limakoka

Musanasinthe kalikonse, tengani kompyuta, osati foni, tsegulani webusaiti yanu mu Chrome kapena mu Firefox, ndipo mudine batani la F12. Pambali kapena pansi patseguka gawo la zida za okonza mawebusaiti, ndipo inu musankhe pamene palembedwa Network, muchonge kabokosi ka Disable cache, kenako mutsegulenso tsambalo mwatsopano. Mudzaona mndandanda wautali wa mafayilo ukutsika, ndipo mzere uliwonse ndi chinthu chimodzi chimene browser yapita kukatenga kwinakwake kuti tsamba lanu lioneke. Dinani kumanja kwa mbewa pa mitu ya mndandandawo n'kuwonjezera gawo la Domain, kuti muziona kumene chinthu chilichonse chikuchokera. Pansi penipeni pali kamzere kamene kamaonetsa kuchuluka kwa zinthu zimene zakokedwa ndiponso kulemera kwake konse pamodzi. Lembani manambala awiriwa papepala, chifukwa mudzawafuna poyerekezera mukamaliza ntchito.

Musatseke gawo limeneli mpaka kumapeto. Mavuto onse atatu amene tikukambirana, kachizindikiro kosaoneka, kuchedwa kwa tsamba ndi zinthu zaulere zokokedwa kwa ena, amaonekera pa mndandanda womwewu.

Chachiwiri: kachizindikiro

Dzina lake ndi favicon, ndipo kanayamba ndi Internet Explorer 5 mu 1999. Kuyambira nthawi imeneyo mabrowser ambiri amapita okha kukafunafuna fayilo yotchedwa favicon.ico pakhomo penipeni pa webusaiti, ngakhale mwini wake sanawauze kutero. Choncho yambani ndi kulemba adiresi ya webusaiti yanu n'kuwonjezera /favicon.ico kumapeto kwake. Ngati kachithunzi katuluka, ndiye kuti fayilo ilipo ndipo vuto lili kwina. Ngati patuluka nambala ya 404, ndiye kuti fayiloyo palibe pamalo pamene browser ikuifunira.

Pa webusaiti ya bambo uja panatuluka 404, ndipo chifukwa chake chinali chilembo chimodzi. Mphwake anasunga fayiloyo ndi dzina loyamba ndi F wamkulu, pamene mu khodi analemba f wamng'ono. Pa kompyuta yake ya Windows zonse zinkayenda bwino chifukwa Windows sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'maina a mafayilo, koma maseva ambiri, amene ndi makompyuta osungirako mawebusaiti, amayendera Linux, imene imaona maina awiriwo ngati mafayilo awiri osiyana. Yang'anani zimenezi poyamba, kenako muone ngati fayiloyo siinaikidwe mu foda ina yamkati, ndiponso ngati linki yake sikuyamba ndi http pamene webusaiti yonse ili pa https, popeza browser ikhoza kukana chinthu chosatetezedwa pa tsamba lotetezedwa.

Chithunzi chenichenicho chiyenera kukhala chofanana m'litali ndi m'lifupi, ndipo chikhale chosavuta kuzindikira chikachepetsedwa kufika mapikiselo 16 mbali zonse, umene ndi msinkhu wake pamwamba pa browser. Dzina lonse la kampani limodzi ndi nambala ya foni sizingawerengeke pa kamalo kochepa ngati chikhadabo cha mwana, choncho sankhani chilembo chimodzi kapena chinthu chimodzi chooneka bwino. Konzani fayilo ya favicon.ico yokhala ndi misinkhu ya 16, 32 ndi 48, fayilo ina ya PNG ya mapikiselo 180 ya mafoni a iPhone yotchedwa apple-touch-icon.png, ndiponso ziwiri za 192 ndi 512 za Android ngati webusaiti yanu ili ndi fayilo ya manifest, imene imauza foni mmene iikire webusaitiyo ngati app. Kungosintha dzina la chithunzi cha JPG kuti lithere ndi .ico sikusandutsa chithunzicho kukhala fayilo ya mtundu umenewo, ndipo nthawi zina n'chimene chimachititsa kuti kachizindikiro kaoneke pa browser ina koma kakane pa inzake. M'gawo la head, limene lili kumayambiriro kwa khodi ya tsamba lanu, muike mizere iwiri iyi:

<link rel="icon" href="/favicon.ico">
<link rel="apple-touch-icon" href="/apple-touch-icon.png">

Amene mumagwiritsa ntchito WordPress simukufunika kukhudza khodi, chifukwa kuyambira mu 2015 muli malo otchedwa Site Icon pamene mumangoikapo chithunzi chimodzi cha mapikiselo 512 mbali zonse, ndipo misinkhu ina imadzipanga yokha.

Mukakonza zonsezi n'kupeza kuti kadziko kotuwa kaja kadakalipo, musathamangire kusinthanso mafayilo. Browser imasunga tizizindikiro iti pamalo akeake, ndipo imatikakamira nthawi yaitali kuposa zithunzi zina, moti ngakhale kudina Ctrl ndi F5 nthawi zina sikuthandiza. Yesani pa foni ya munthu amene sanatsegulepo webusaiti yanu, ndipo ngati pamenepo kakuoneka, ndiye kuti ntchito yatheka. Pofuna kukakamiza mabrowser onse kuti atenge katsopano, wonjezerani ?v=2 kumapeto kwa dzina la fayilo mu mzere woyamba uja. Pa zotsatira za Google Search pokha m'pofunika kudekha, chifukwa Google imasintha kachizindikiro ikadzayenderanso tsamba lanu loyamba, zimene zingatenge masiku kapena milungu. Dziwaninso kuti Google imalola kachizindikiro kamodzi pa domain (dzina la adiresi ya webusaiti) kapena subdomain (nthambi ya dzinalo) iliyonse, kotero ngati webusaiti yanu yaulere ili ngati foda chabe pansi pa adiresi ya kampani ina, kamene kadzaoneke ndi ka kampaniyo.

Chachitatu: yezani liwiro monga mmene kasitomala amalionera

Cholakwa chimene ambiri timachita ndi kuyesa webusaiti pa Wi-Fi ya kuntchito ku Sandton kapena ku Randburg n'kunena kuti ikuthamanga. Amene amatsegula tsamba la wonyamula katundu ndi mayi amene ali mu taxi yochokera ku Diepsloot ndi bandulo yotsala pang'ono kutha, kapena mchimwene wake ku Mzimba amene akufuna kudziwa tsiku limene lole ifike ndipo netiweki ya TNM kapena Airtel ikungobwera n'kumapita. Pa gawo la Network lija pali kamndandanda kolembedwa No throttling. Sinthani pamenepo n'kusankha 3G, mutsegulenso tsamba, ndipo muwerenge masekondi mpaka nambala ya foni ndi mitengo zitaoneka.

Kenako pitani pa pagespeed.web.dev, chida chaulere cha Google, mulembe adiresi yanu n'kuyang'ana zotsatira za Mobile. Musavutike mtima kwambiri ndi malikisi a pa 100 amene amaoneka pamwamba, chifukwa amasinthasintha ngakhale mutayesa kawiri motsatizana. Zofunika ndi miyezo itatu. Woyamba ndi LCP, nthawi imene chinthu chachikulu kwambiri pa tsamba chimatenga kuti chioneke, ndipo isapitirire masekondi 2.5. Wachiwiri ndi INP, umene unalowa m'malo mwa muyezo wakale wa FID mu March 2024, ndipo umayeza kuchedwa kwa tsamba poyankha munthu akadina. Usapitirire mamilisekondi 200. Wachitatu ndi CLS, umene umayeza kudumphadumpha kwa zolembedwa pamene zinthu zina zikutsegukabe, monga zimachitikira munthu akafuna kudina nambala ya foni koma chala n'kugwera pa chithunzi chimene changotulukira, ndipo muyezowu usapitirire 0.1.

Chachinayi: zithunzi

Bwererani pa mndandanda uja n'kudina mutu wa Size kuti mafayilo olemera akhale pamwamba. Pa mawebusaiti ang'onoang'ono ambiri amene ndaonapo, pamwambapo pamakhala zithunzi zimene zinachoka mu kamera ya foni n'kulowa pa webusaiti osachepetsedwa. Chithunzi choterocho chimakhala ndi mapikiselo 4000 kapena kupitirira m'lifupi ndipo chimalemera mamegabaiti angapo, chikhalirecho pa foni ya kasitomala chidzaoneka pa kamalo kosakwana n'chikhatho chomwe. Bambo wa lole uja anali ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi zoterozo zikusinthana pamwamba pa tsamba, zonse za lole yomweyomweyo itapakira mafiriji, matiresi ndi njinga.

Chepetsani chithunzi chachikulu cha pamwamba kuti chisapitirire mapikiselo 1600 m'lifupi, ndipo zing'onozing'ono zamkati zikhale pa 800. Zisungeni ngati WebP, mtundu wa zithunzi umene Google inatulutsa mu 2010 ndipo mabrowser onse akuluakulu a masiku ano amauwerenga. Ine ndimakonda squoosh.app pa ntchito imeneyi, chifukwa imachepetsera chithunzi mu browser yanu momwemo osachitumiza ku seva ya munthu wina, ndipo imakuonetsani chakale ndi chatsopano pambali ndi pambali kuti muone ngati chawonongeka. Pa zithunzi zimene zili m'munsi mwa tsamba wonjezerani loading="lazy" kuti zizikokedwa pokhapokha munthu akatsikira kumene zili, koma musachite zimenezi pa chithunzi choyamba cha pamwamba chifukwa mungochedwetsa LCP. Pa chithunzi chilichonse lembani width ndi height, kuti browser izisungiratu malo ake ndipo zolembedwa zisamadumphe. Ndipo ngati mungandimvere, chotsani zithunzi zosinthanasinthana zija n'kusiya chimodzi chabwino.

Pali nkhani ina yokhudza zithunzi imene ambiri saiganizira. Foni ikajambula chithunzi GPS ili yoyatsa, imalemba mkati mwa fayiloyo malo enieni amene munaima, ndipo aliyense wokopera chithunzicho pa webusaiti akhoza kuwawerenga. Kwa munthu amene amasunga katundu wa makasitomala pabwalo la nyumba yake podikira ulendo, kumeneko n'kulozera akuba pakhomo. Pa Windows dinani kumanja pa fayiloyo, musankhe Properties, kenako Details, ndipo pansi pali mawu oti Remove Properties and Personal Information.

Chachisanu: seva ili kuti?

Zithunzi zikapepuka koma tsamba n'kumakhalabe loyera kwa kanthawi lisanayambe kuoneka, vuto lingakhale mtunda. Hosting, kutanthauza malo amene mumabwereka pa seva kuti asunge webusaiti yanu, ikakhala yaulere kapena yotchipa kwambiri nthawi zambiri imakhala ku Ulaya kapena ku America, ndipo uthenga wochoka ku Johannesburg kupita ku London n'kubwerera umatenga mamilisekondi oposa 150, pamene tsamba limodzi limafuna maulendo otere angapo lisanayambe n'komwe. Zingwe za pansi pa nyanja zikaduka zinthu zimaipiratu, monga zinachitikira mu March 2024 pamene WACS, SAT-3 ndi zina zinaduka kunyanja ya kumadzulo kwa Africa, ndiponso mu May chaka chomwecho pamene EASSy ndi Seacom zinaduka kum'mawa, intaneti ya ku Malawi n'kuvutika nawo. Masiku ano palibe chifukwa chokakamira kutali, popeza Microsoft inatsegula malo ake a maseva ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo Google ku Johannesburg mu 2024, kuwonjezera pa makampani a hosting a m'dziko muno amene amalipiritsa mu rand. Ngati simungasamuke pakali pano, Cloudflare ili ndi maseva mu Johannesburg ndipo pulani yake yaulere imasunga zithunzi zanu pafupi ndi owerenga, koma muzidziwa kuti mukatero zonse zolowa ndi zotuluka pa webusaiti yanu zimadutsa m'manja mwawo.

Chachisanu ndi chimodzi: werengani alendo amene muli nawo pa tsamba

Tsopano dinani mutu wa Domain pa mndandanda uja, ndipo mulembe papepala adiresi iliyonse imene si yanu. Apa m'pamene ntchito yaikulu ili. Nthawi iliyonse imene tsamba lanu likoka kanthu kuchokera ku seva ya kampani ina, kaya ndi font (kalembedwe ka zilembo), mapu, vidiyo, batani la Like kapena kachida kowerenga alendo, foni ya mlendo wanu imalankhula ndi kampaniyo mwachindunji, ndipo imaiuza IP address yake (nambala imene foniyo imadziwika nayo pa intaneti), mtundu wa foni ndi browser, komanso webusaiti imene munthuyo ali. Mlendoyo sanafunsidwe, ndipo deta imene yapita pamenepo ndi ya bandulo yake. Si nkhani yongopeka ayi: mu January 2022 khoti lina ku Munich, m'dziko la Germany, linalamula mwini webusaiti kulipira mlendo wake 100 euro chifukwa tsamba lake linkakoka zilembo ku Google Fonts, motero n'kumapereka IP address ya mlendoyo popanda chilolezo.

Pa dzina lililonse limene mwalemba dzifunseni ngati chinthucho chikukupindulirani kanthu, ndipo chimene simukuchidziwa ntchito yake chichotseni. Mafonti mukhoza kuwakopera n'kuwaika pa seva yanu, kapena kungogwiritsa ntchito amene ali kale mu foni ya munthu. M'malo mwa mapu a Google oikidwa mkati mwa tsamba, amene amakoka mafayilo ambirimbiri, lembani adiresi yanu n'kuika linki yotsegula mapuwo kwa amene akuwafuna. Vidiyo ya YouTube nayonso ikhale chithunzi chokhala ndi linki. Batani la WhatsApp silifuna plugin iliyonse, chifukwa linki yoyamba ndi wa.me/ yotsatiridwa ndi nambala yanu, kuyambira ndi 27 (nambala ya dziko la South Africa) popanda 0 wa kutsogolo, imagwira ntchito yomweyo. Meta Pixel ndi Google Analytics, zida zowerengera ndi kutsatira alendo a pa webusaiti, zikhalepo pokhapokha ngati mumalipiradi malonda otsatsa kapena mumawerengadi malipoti ake. Bambo wa lole uja anali nazo zonse ziwiri koma sankadziwa n'komwe pasiwedi yolowera.

Khodi yokokedwa kwa ena ili ndi ngozi ina yoposa kuzonda. Mu February 2024 domain ya polyfill.io, imene mawebusaiti oposa 100,000 ankakokako khodi yaulere ya JavaScript, inagulitsidwa kwa eni atsopano, ndipo pofika mu June chaka chomwecho zinadziwika kuti inayamba kutumiza khodi yoipa imene inkapititsa anthu a pa foni ku masamba achinyengo. Eni mawebusaitiwo sanasinthe kalikonse, chinasintha ndi mwini wa chinthu chimene anabwereka. Mukaona dzina limeneli pa mndandanda wanu, lichotseni lero lomwe.

Chachisanu ndi chiwiri: mafomu ndi lamulo la POPIA

Lamulo la dziko la South Africa loteteza zinsinsi za anthu, POPIA, linakhazikitsidwa mu 2013, linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2020, ndipo aliyense anayenera kukhala akulitsatira pofika pa 1 July 2021. Limakhudza bizinesi yaing'ono monga mmene limakhudzira banki, ndipo limateteza munthu aliyense amene mwatenga zinthu zake posayang'ana kuti ndi nzika kapena mlendo. Amene amaliyang'anira ndi Information Regulator, amene maofesi awo ali mu Johannesburg momwemuno, ndipo chindapusa chikhoza kufika R10 miliyoni. Kwathu ku Malawi nakonso kunakhazikitsidwa lamulo la Data Protection Act mu 2024.

Tsegulani fomu iliyonse imene ili pa webusaiti yanu n'kufufuta funso lililonse limene simukulifunadi pa ntchitoyo. Wonyamula katundu amafuna dzina, nambala ya foni, mtundu wa katundu ndi kumene akupita. Nambala ya pasipoti kapena chithunzi cha permit musazitolere kudzera pa fomu yaulere ya pa intaneti, chifukwa tonse tikudziwa mavuto amene mapepala amenewa angabweretse kwa m'bale wathu akagwera m'manja olakwika. Ngati zikufunikadi pa za kasitomu ku Beitbridge kapena ku Mwanza, zitengeni pamasom'pamaso pa nthawi yake. Amene mumagwiritsa ntchito Google Forms, tsegulani spreadsheet ya mayankho n'kudina Share, ndipo muonetsetse kuti sipanalembedwe Anyone with the link. Ndinaonapo mndandanda wa mamembala a bungwe lina la maliro, wokhala ndi maina a ana awo ndi midzi ya kwawo, ukuyenda m'magulu a WhatsApp chifukwa cha kabatani kameneka.

Pansi pa fomu lembani ziganizo zochepa zonena kuti ndinu ndani, mukutolera chiyani, chifukwa chake, mudzasunga mpaka liti, ndiponso kuti munthu angakupezeni bwanji akafuna kuti mufufute zake. Ngati zimene mwatolera zimasungidwa kunja kwa dziko lino, nenani, popeza gawo 72 la lamuloli lili ndi mfundo zake pa nkhani yotumiza zinthu za anthu kunja. Gawo 22 limakulamulani kudziwitsa Information Regulator ndi eni ake zinthuzo zikabedwa kapena zikaonedwa ndi munthu wosayenera. Webusaiti yonse ikhale pa https. Satifiketi yake imapezeka kwaulere kuchokera ku Let's Encrypt, bungwe losachita malonda, ndipo Chrome yakhala ikulemba Not secure pa masamba opanda satifiketiyi kuyambira mu July 2018.

Chachisanu ndi chitatu: konzekerani tsiku limene chaulere chidzathe

Heroku inathetsa mapulani ake aulere mu November 2022. Freenom, imene inkapereka maina aulere othera ndi .tk ndi .ml, inasiya kulembetsa maina atsopano mu 2023. Google inatseka timawebusaiti taulere ta Business Profile mu March 2024, ndipo mabizinesi amene anasindikiza adiresi zake pa makhadi ndi pa zitseko za magalimoto anatsala ndi adiresi yosapita kulikonse. Pa zinthu zonse za webusaiti, chimodzi chimene ndikukulimbikitsani kulipira ndi domain, mwachitsanzo yothera ndi .co.za, ndipo ilembetsedwe m'dzina lanu ndi imelo yanu, osati ya mphwanu kapena ya mnyamata amene anakupangirani webusaiti. Mukakhala ndi domain yanu mukhoza kusamutsa tsamba kuchoka pa hosting ina kupita pa ina popanda kasitomala kudziwa kuti chasintha n'chiyani. Kamodzi pa mwezi koperani mafayilo onse ndi database (nkhokwe ya zolembedwa za webusaiti), ngati ilipo, n'kuzisunga pa flash imene simuyenda nayo m'thumba.

Mukamaliza, bwererani pa Network, mutsegulenso tsamba ndi Disable cache yochonga, ndipo muyerekezere manambala awiri apansi aja ndi amene munalemba papepala poyamba. Kenako tumizani linkiyo kwa wachibale amene ali kumudzi, mumugulire kabandulo kakang'ono, ndipo mumupemphe kuti atsegule ali pa foni nanu n'kukuwerengerani mtengo woyamba umene wauona. Mlongo wake wa bambo wa lole uja, ali ku Ekwendeni, anawerenga mtengo wonyamulira firiji tisanamalize n'kupatsana moni komwe, ndipo titamufunsa za pamwamba pa tsamba anati akuona kalole kofiira.